Momwe mungachepetsere kutentha kwa helemeti m'nyengo ya dzuwa

Okutobala akangolowa, akabaza ambiri a njinga zamoto amakoloweka helemeti pachigongono, n'kumaivala akaona apolisi apamsewu patsogolo. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, nkovuta kuwadzudzula. Komatu helemeti yowotcha mutu nthawi zambiri imakhala yakuda ndi litsiro m'kati, kapena yakhala padzuwa podikira makasitomala. Zonsezi zimakonzeka popanda kuiboola.

Choyamba: ichotseni padzuwa mukaima

Pasiteji musaisiye pampando kapena pathanki. Helemeti ya mtundu wakuda ikakhala padzuwa la masana, mumavala ng'anjo. Lowani nayo pamthunzi, kapena ivundikireni ndi chitenje chowala. Pathanki pali vuto lina: petulo amasungunula chofewa choyera chija cha m'kati, chonga chomwe amatchinjirizira ma TV m'makatoni, ndipo chimenecho ndiye chimateteza mutu mukagwa. Kuikoloweka pagalasi loonera kumbuyo nakonso kumachifinya n'kusiya dzenje pakati penipeni.

Ngati simunagule, sankhani yoyera kapena yasiliva. Samalani ndi amalonda ena m'misika omwe amakuonetsani sitika ya DOT kapena ECE (zizindikiro zoti helemeti ikukwaniritsa miyezo ya chitetezo) ngati umboni, pomwe sitikayo inangomatidwa. Pindirani nsalu ya m'kati muone. Mukapeza pulasitiki yekhayekha ndi kasiponji kopyapyala, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Chipewa cha omanga nyumba n'chozizira ndithu, koma si cha panjinga.

Chachiwiri: tsegulani zibowo za mpweya

Helemeti zambiri zili ndi zibowo pachipumi, pachibwano ndi kumbuyo. Mpweya umalowa kutsogolo n'kutulutsa wotentha kumbuyo. M'misewu yathu yafumbi zibowozi zimatsekeka ndi dothi lofiira ndi tizilombo takufa. Mswachi wakale ndi madzi pang'ono basi. Zina zotchipa zili ndi zibowo zongokongoletsa, zosafika m'kati. Puzirani muone ngati mpweya ukudutsa. Ngati sukudutsa, musatenge msomali wamoto kuti muboole nokha, chifukwa chigoba chimadzasweka kuyambira pomwepo.

Chachitatu: chapani za m'kati, koma apa dekhani

Thukuta, mafuta akumutu ndi fumbi zikaumira mu siponji, nsaluyo siyamwanso thukuta, ndiye limangotsikira m'maso. Kuchapa ndiye mankhwala ake, koma onani kaye mtundu wa helemeti yanu.

Ina siponji yake imagwidwa ndi mabatani, ndipo mumangokoka za m'masaya ndi ya pamutu n'kuzichapa pamanja. Ina ndi yomata ndi guluu, makamaka zija amapereka ngati basera pogula njinga. Yanga inali ya mtundu umenewu. Itagona m'beseni la madzi otentha ndi sopo waufa, m'mawa siponji inali ikuyandama payokha, guluu atasanduka phala. Itauma inakwinyika, helemeti n'kuyamba kugwedera m'mutu, moti pamabampu imatsikira kumaso. Kumatanso ndi guluu wa nsapato sikuthandiza, chifukwa guluu ameneyo amadya chofewa choyera chija monga achitira petulo.

Choncho yomata musainyike. Tengani madzi ofunda pang'ono, oti mkono wanu sukuwamva kutentha, ndi sopo wosambira kapena shampu ya ana. Nyowetsani kansalu, muzipsinja pasiponji pang'onopang'ono, kufinya madzi akudawo, kubwerezanso mpaka ayere. Kenako pukutani ndi madzi okhaokha, poti sopo wotsalira amayabwa pachipumi mukatuluka thukuta. Jiki ayi, sipiriti ayi, parafini ayi.

Poyanika, iikeni pamthunzi podutsa mphepo, kukamwa kwake kuyang'ana pansi, itakhala pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzilowa. Pambaula kapena padenga la malata musayerekeze. Chapani madzulo mukaweruka, nyengo ino imauma usiku umodzi. Mukaivala yonyowa, fungo lake makasitomala adzakuthawani. Soda wophikira pang'ono, wothira usiku n'kukutumula m'mawa, amachepetsa fungolo.

Chachinayi: valani kansalu m'mutu

Kansalu kopyapyala ka thonje, konyowetsa n'kufinyitsa bwino, kamaziziritsa mutu njinga ikamayenda, chifukwa madziwo akamauma amachoka ndi kutentha. Tisheti yakale yodula ikukwanira, palibe chifukwa chogulira tizipewa todula ta m'mashopu. Kakhale kopanda mfundo yaikulu, ndipo kapusi yokhala ndi kakhonde kutsogolo musaivale m'kati, imapendeketsa helemeti. Kumadera achinyezi a kunyanja monga Mangochi ndi Salima kansaluka kamachedwa kuuma, ndiye kafinyeni kwambiri. Khalani ndi tiwiri, kena kakuuma.

Zotsalazi nzachidule

Galasi lakutsogolo litukuleni pang'ono mukamayenda pang'onopang'ono m'tauni, pamsewu waukulu litsekeni chifukwa cha timiyala. Lamba wa pachibwano mangani ngakhale kutenthe bwanji. Tsitsi lalifupi limathandiza. Imwani madzi musanamve ludzu, ndipo mukayamba chizungulire kapena mutu kuwawa, imani pamthunzi. Helemeti ya kasitomala nayonso izichapidwa chimodzimodzi.