Momwe mungaukitsire Land Cruiser yakale: yambani ndi mapepala ndi chasisi, kupenta kudikire

Kuseri kwa nyumba zina, m'magalaja a ku Biwi ndi ku Ndirande, ngakhalenso pansi pa mitengo ya mango pa mamishoni ndi m'maesiteti, mumapezeka ma Land Cruiser akale atakhazikidwa pa njerwa, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Ambiri mwa magalimoto amenewa sanafe ayi, anangosowa munthu woleza mtima. Nkhani ino ndalembera amene akufuna kutenga imodzi ndi kuiukitsa pang'onopang'ono ndi manja ake, Loweruka ndi Loweruka, mpaka idzayendenso mumsewu. Chitsanzo changa ndi Land Cruiser ya mtundu wa 80, imene Toyota inapanga kuyambira 1990 mpaka 1997, makamaka ya HZJ80 yokhala ndi injini ya dizilo ya 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, yopanda turbo. Ndasankha imeneyi chifukwa injini yomweyo ndi imene ili m'maambulansi ambiri a mtundu wa 70 ndi m'mabasi ambiri a Coaster, choncho amakaniko athu amaidziwa ndipo zipangizo zake sizisowa.

Musanapereke ndalama, onani mapepala

Musanatsegule boneti, pemphani blue book, chikalata cha umwini wa galimoto. Yerekezerani nambala ya chasisi yolembedwa m'menemo ndi imene inadindidwa pa chitsulo cha chasisi kutsogolo pafupi ndi tayala, kenaka muchite chimodzimodzi ndi nambala ya injini. Pukutani dothi ndi bulashi ya waya, ndipo mukaona kuti pamalopo panapalidwa kapena panawotchereredwa, siyani galimotoyo ngakhale mtengo wake ukhale wokopa chotani. Ngati mwini wake anamwalira, onetsetsani kuti amene akugulitsayo ali ndi chilolezo cha lamulo choyendetsera chuma cha masiye, chifukwa mawu a apabanja okha sakwanira pokasintha umwini ku Road Traffic. Galimoto zimene zinali za mabungwe kapena za mipingo zina zinalowa m'dziko popanda msonkho, ndiye funsani ku MRA ngati pali chotsalira musanagwirizane mtengo. Kukafunsanso ku polisi ngati galimotoyo sinabedwe ndi ntchito ya tsiku limodzi, pamene kulandidwa galimoto imene mwaigwirira ntchito zaka ziwiri ndi chilonda chosapola.

Lowani pansi pa galimoto

Mapepala akakhala bwino, valani ovolosi, tengani tochi ndi kahamala, mugone chagada pansi pa galimoto. Injini imakonzeka, mipando imasokedwa, koma chasisi chopindika kapena chodyeka ndi dzimbiri chimakudyerani ndalama popanda mapeto. Gogodani chitsulocho kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira mokweza, pamene chodyeka chimamveka ngati mukumenya dothi ndipo chimagwetsa makoko ofiira. Pa mtundu wa 80 yang'anani mosamala pamene bokosi la chiwongolero limamangidwa ku chasisi, pakuti pamenepo pamakonda kung'aluka pa galimoto zimene zayenda zaka zambiri m'misewu ya mabampu, ndipo mng'alu wake umabisala pansi pa girizi ndi fumbi. Matope amene amatsalira mkati mwa chasisi nyengo ya dzinja ikatha ndiwo amayambitsa dzimbiri, choncho pisani chala m'mabowo ake mumve zimene zili mkati.

Pa thupi la galimoto, dzimbiri limakonda m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, m'ngalande za denga, pansi pa makapeti, pamwamba pa matayala akumbuyo ndi m'munsi mwa chitseko chakumbuyo. Kamaginito kakang'ono kadzakuuzani pamene anamata filler wochindikala m'malo mwa chitsulo, chifukwa sikagwira pamenepo.

Konzani malo ndi kope

Galimoto ikafika kwanu, ikokedwe kapena inyamulidwe, musaiyendetse poyamba. Pezani malo a simenti, athyathyathya, okhala ndi denga, amene simudzawafuna pa ntchito ina kwa chaka kapena kupitirira. Gulani zitsulo zokhazikirapo galimoto zolimba bwino, chifukwa galimoto imeneyi imalemera matani oposa awiri ndipo njerwa kapena mabuloko a simenti amaphwanyika mosachenjeza. Jeke ndi yokwezera chabe, munthu salowa pansi pa galimoto imene yagwiridwa ndi jeke yokha.

Chida chimene anthu amachipeputsa ndi kope. Chilichonse chimene mukumasula chijambuleni ndi foni musanachichotse, mabawuti ake muwaike m'kajumbo kolembedwa dzina, ndipo m'kopemo mulembe tsiku, chimene mwachita ndi ndalama zimene mwawononga. Pakatha miyezi 8 simudzakumbukira kuti waya wofiira uja unachokera kuti. Funaninso buku la Toyota lokonzera mtundu umenewu, chifukwa muyezo womangira bawuti iliyonse yofunika uli m'menemo ndipo sichinthu choganizira.

Dzutsani injini mofatsa

Injini imene yakhala zaka ili chigonere siyenera kudzutsidwa ndi batire latsopano ndi kiyi basi. Khuthulani dizilo yense wakale, tsukani thanki, sinthani fyuluta ya mafuta, ya oyilo ndi ya mpweya, ndipo thirani oyilo watsopano wa 15W-40 wa injini za dizilo. Chotsani ma glow plug (timapulagi totenthetsa injini ya dizilo isanalire) onse 6, donthezerani oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, musiye usiku wonse, ndipo m'mawa mwake zunguzani injini ndi sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo. Ikazungulira kawiri popanda kukakamira penapake, mtima ukhale m'malo. Muizunguzenso ndi sitata ma glow plug asanabwezeredwe kuti oyilo wotsala atuluke, ndipo nthawi yomweyo ndi yabwino kuyeza compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya: chofunika kwambiri n'chakuti masilinda onse apereke manambala oyandikana.

Musanailize, sinthani timing belt (lamba wogwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi mavalavu) ndi tensioner yake yomukunga. Pa injini za 1HZ za zaka zimenezo lamba ameneyu amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, koma labala amakalamba ngakhale galimoto ili chiimire, ndipo lambayo akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amawomba mavalavu. Kenaka popani mafuta ndi kapampu kamanja kali pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe, ndiye muilize.

Ikalira, penyani utsi. Woyera umene ukutha injini ikatentha nthawi zambiri umachokera ku ma glow plug ofooka, wakuda umaloza ku ma injector (opemerera dizilo mu injini), pampu ya dizilo kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka, pamene wabuluu ukutanthauza kuti injini ikutentha oyilo. Pampu ndi ma injector musazimasule kunyumba, pitani nazo kwa katswiri amene ali ndi makina oyezera.

Mdani wamkulu wa 1HZ ndi kutentha mopitirira. Injini imeneyi imapirira zambiri, koma ikabwata, silinda hedi imang'aluka. Chifukwa chake ndimalangiza kuti rediyeta itsukidwe kapena isinthidwe, thermostat (kavalavu koyang'anira kutentha kwa madzi a injini) ikhale yatsopano, pampu ya madzi ionedwe, mapaipi onse a labala asinthidwe kuphatikizapo ang'onoang'ono opita ku hita amene amaiwalika, ndipo fani iyesedwe ngati ikugwira injini ikatentha. Pali chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lathu ndi lotentha. Chizolowezi chimenechi ndi cholakwika, chifukwa injini yoyenda yozizira imatha msanga ndipo imamwa mafuta ambiri. Thirani coolant weniweni, osati madzi a pa mjigo, amene mchere wake umatseka timapaipi ta rediyeta.

Ekiselo yakutsogolo, mabuleki ndi chiwongolero

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mukhalitse, chifukwa ndi pamene pali moyo wanu ndi wa amene mudzawanyamule. Mtundu wa 80 uli ndi ekiselo yolimba kutsogolo ndi kumbuyo, yokhala pa masipuling'i ozungulira. Kumapeto kwa ekiselo yakutsogolo, kuseri kwa tayala lililonse, kuli chitsulo chobulungira ngati mpira, ndipo mkati mwake muli Birfield, chimene chimalola tayala kukoka uku likukhota. Mukaona phala lakuda likuyenderera pa mpirawo, dziwani kuti seal yamkati yatha ndipo oyilo wa difu wasakanikirana ndi girizi. Mankhwala ake ndi kumasula mbali zonse ziwiri, kutsuka zonse, kusintha ma seal, magasiketi, mabering'i a tayala ndi a knuckle (chitsulo chovala mpirawo chimene chimakhota pamodzi ndi tayala), kenaka kudzaza Birfield ndi girizi wa moly, pamene mabering'i a tayala amafuna girizi wawo wosiyana. Timashimu topyapyala timene mudzapeze pamwamba pa knuckle musatisakanize, kalikonse kabwerere mbali imene kanachokera, chifukwa ndito timasunga kulimba koyenera kwa mabering'i. Ndi ntchito yauve imene imadya Loweruka ndi Lamulungu lathunthu, koma ikachitika bwino imakhala zaka zambiri. Birfield imene ikulira kuti khwa khwa pokhota galimoto ili mu four wheel yatha, isintheni nthawi yomweyo zinthu zili chimasulire.

Pano ndinaphunzira movutikira. Ndinagula ma seal otchipa mu shopu ina, ali m'kabokosi kooneka ngati kenikeni, ndipo pasanathe miyezi itatu phala lija linabwerera, ndinamasulanso zonse. Zitseko, magalasi, mipando ndi nyali mukhoza kugula zakale kwa ophwasula magalimoto ku Ndirande kapena ku Biwi, koma ma seal, mabering'i, timing belt ndi zonse za mabuleki gulani zenizeni kapena za makampani odziwika, ngakhale zitanthauze kuitanitsa ku South Africa kapena ku Dubai ndi kudikira mwezi. Poitanitsa perekani nambala ya chasisi, chifukwa zipangizo zina zinasintha pakati pa zaka zimene mtunduwu unkapangidwa.

Mabuleki akonzedwe onse pamodzi: mapaipi a labala, mapadi, ma seal a m'makalipa, master cylinder, ndi madzi a mabuleki onse atsopano, chifukwa madzi amenewa amayamwa chinyezi pakapita zaka. Mapaipi achitsulo odyeka ndi dzimbiri asinthidwe, asawotchereredwe. Fumbi la mabuleki akale musalipemerere ndi mpweya, lipukuteni ndi nsanza yonyowa, popeza ena anali ndi asbestos, amene amawononga mapapo. Musaiwale handibuleki ndi kavalavu kali kumbuyo pafupi ndi ekiselo kamene kamagawa mphamvu ya mabuleki molingana ndi katundu, kamene kamakonda kuuma. Kenaka sinthani ma tie rod end (mfundo zolumikiza chiwongolero ndi matayala) ogwedera, mabushi a labala osweka ndi mashoko otayikira. Sipuling'i yopanikizidwa ikhoza kupha munthu, ndiye tsitsani ekiselo pang'onopang'ono mpaka sipuling'iyo imasuke yokha.

Oyilo wa giyabokosi, wa transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndi wa madifu onse awiri asinthidwe, ndipo pokhuthula yang'anani ngati muli tizitsulo kapena ngati waoneka ngati mkaka, chizindikiro chakuti munalowa madzi powoloka mitsinje. Masulani kaye bawuti yothirira musanamasule yokhuthulira, kuopa kukhala ndi difu yopanda oyilo imene simungathe kuidzaza. Matayala onani zaka zake pa manambala anayi a m'mbali, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Tayala la zaka 10 ndi lotha ngakhale mapanga ake aoneke akuya.

Magetsi sadzakuvutani kwambiri chifukwa HZJ80 ilibe makompyuta ambiri. Chotsani mawaya onse amene eni ake akale anawonjezera a wailesi, alamu ndi nyali, tsukani pamene mawaya a earth amagwira chitsulo, ndipo paliponse pamene munthu anakulunga waya m'malo mwa fyuzi muikepo fyuzi yoyenera. Yang'ananinso pamene makoswe anatafuna.

Dzimbiri, kenaka penti

Tsopano galimoto ikuyenda, ikukhota ndipo ikuima, mukhoza kuganiza za maonekedwe. Dzimbiri silikwiriridwa, limadulidwa mpaka pa chitsulo choyera ndipo pamawotchereredwa chigamba cha chitsulo chochindikala mofanana. Musanawotcherere chotsani mawaya a batire, makapeti ndi zonse zoyaka, ndipo ngati ntchito ili pafupi ndi thanki, thankiyo itsike. Chasisi chong'aluka chiperekeni kwa wowotcherera wodziwa ntchito yake, amene adzaboola kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire ndi kuikapo chitsulo cholimbitsa. Filler ndi wosalazira timabampu tating'ono, osati wotsekera mabowo.

Nthawi yabwino yopenta ndi chilimwe, m'mawa mphepo isanayambe, pansi mutawaza madzi kuti fumbi lisabuke. Amene muli ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje pewani masiku a chiperoni, chifukwa chinyezi chimachititsa penti kuchita mbuu. Penti wa 2K, wosakaniza ndi mankhwala oumitsa, ndi woopsa ku mapapo, ndiye ngati mulibe chophimba kumaso choyenera ndi malo opita mpweya, konzani thupilo nokha koma kupopera musiyire akatswiri. Ine ndimakonda kubwezera mtundu umene galimoto inabadwa nawo, umene nambala yake ili pa kachitsulo ka m'chipinda cha injini. Mukasintha mtundu kapena injini, kalembetseni ku Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi galimoto. Malabala a zitseko ndi a magalasi akhale atsopano, apo ayi mvula yoyamba idzayambitsanso dzimbiri pansi pa makapeti anu atsopano. Mipando ndi denga lamkati osoka athu amazikonza bwino, ingowapatsani nsalu yolimba.

Kubwerera mumsewu

Dulani inshuwalansi, pitani kukayezetsa kuti mulandire COF, ndipo maulendo oyamba akhale afupi, a m'tauni momwemo, maso ali pa geji ya kutentha. Mukabwera, gwirani pakati pa tayala lililonse kumva ngati pakutentha mopitirira, suzumirani pansi kuona ngati pali chodontha, ndipo mukayenda makilomita mazana angapo mangitsaninso mabawuti a matayala, a knuckle ndi a chiwongolero. Yesani four wheel ndi low range pa msewu wa dothi, osati pa phula. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye muganize za chitunda cha Golomoti kapena msewu wochoka ku Rumphi kukwera ku Chelinda pa Nyika. Kumbukirani kuti 1HZ ilibe turbo ndipo imakwera mapiri mosathamanga, choncho tsitsani giya msanga, musaikakamize mpaka kufuka utsi wakuda, ndipo potsika gwiritsani ntchito giya yomweyo imene munakwerera kuti mabuleki asapse. M'galimoto musasowe lamba wa fani wapadera, fyuluta ya mafuta, malita 5 a madzi ndi kope lanu lija.