Momwe mungasungire mwambo m'kalasi ya pulayimale popanda chikwapu

Kuyambira mu 2020, pamene lamulo la Education Amendment Act linayamba kugwira ntchito, mphunzitsi muno m'Zimbabwe saloledwa kumenya mwana pa chifukwa china chilichonse. Gawo 68A la lamulo la maphunziro limanena zimenezi mosapita m'mbali, ndipo limagwirizana ndi gawo 53 la malamulo aakulu a dziko a mu 2013, lomwe limaletsa kuchitira munthu nkhanza kapena kumupatsa chilango chomuchotsera ulemu. Komabe ambiri a ife tinaleredwa ndi chikwapu, choncho si zodabwitsa kuti aphunzitsi a ku Mufakose, Mabvuku, Mbare ndi Epworth m'chigawo cha Harare, omwe ena mwa iwo amayang'anizana ndi ana oposa 50 m'chipinda chimodzi, amafunsa kuti agwire chiyani tsopano popeza ndodo inaletsedwa. Njira zili m'munsizi zatsamira pa mfundo imodzi: mwana amawongoka akadziwa kuti chilango, ngakhale chikhale chaching'ono, chibwera ndithu nthawi iliyonse imene walakwa, ndipo chibwera mofanana kwa aliyense.

1. Yambani ndi ndondomeko ya pasukulu panu

Lamulo lomweli limafuna kuti sukulu iliyonse ikhale ndi ndondomeko yake ya mwambo. Ipempheni kwa ahedi kapena wachiwiri wawo teremu isanayambe, ndipo ngati mukuphunzitsa ana aang'ono, kuyambira ECD A (kalasi yoyamba ya sukulu ya mkaka) mpaka Giredi 2, kambiranani ndi a TIC, omwe amayang'anira gawo limeneli. Muyenera kudziwiratu milandu imene mungathane nayo nokha ndi imene iyenera kupita ku ofesi.

2. Sabata yoyamba ikhale yophunzitsa mwambo

M'mera mpoyamba. Tsiku loyamba lenilenilo, panganani ndi ana malamulo osapitirira asanu, onena chimene mwana ayenera kuchita. "Timakweza dzanja tisanalankhule" ndi lamulo lomveka kwa mwana wa Giredi 2, pamene "tikhale ndi khalidwe labwino" silimuuza kanthu. Alembeni pa tchati m'Chingerezi ndi m'Chishona, ndipo kwa ana amene sanayambe kuwerenga jambulani zithunzi.

Malamulo apakhoma okha sakwanira. Chimene chimadya nthawi ndi kudzutsa phokoso ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku monga kulowa m'kalasi belu likalira, kugawa makope, kusongola mapensulo ndi kupempha kupita kuchimbudzi. Chilichonse mwa zimenezi chiphunzitseni monga mumaphunzitsira masamu, pochisonyeza, pochiyeseza ndi pochibwereza. Ana akalowa mokankhana musakalipe, koma auzeni atuluke, afole pamzere, alowenso, ngakhale katatu, mpaka alowe mwadongosolo. Sankhaninso chizindikiro chimodzi cha bata, monga kuwomba m'manja kawiri ana n'kuyankha katatu, ndipo musayambe kulankhula phokoso lisanatheretu, chifukwa mphunzitsi wofuula pamwamba pa phokoso amazoloweretsa ana kulongolola iye akulankhula.

M'sukulu zimene magulu awiri amasinthana chipinda chimodzi, lina m'mawa lina masana, ndewu ndi kusowa kwa katundu zimachuluka pa nthawi yosinthanayo. Gwirizanani ndi mphunzitsi mnzanu kuti gulu lotuluka liyambe lasesa ndi kutuluka lonse, lolowa lidikire pamalo amodzi odziwika, ndipo inu awiri muime pakhomo.

3. Musasiye mpata woti ana asowe chochita

Malo a mwana aliyense sankhani ndinu. Opulupudza akhale pafupi ndi pamene mumaima kawirikawiri, ndipo pakati pa madesiki pakhale njira yoti muzifika kwa mwana aliyense. Ana akamalowa azipeza ntchito yaifupi ili kale pabolodi, ndipo womaliza msanga azidziwa chimene achite kenaka. Kuchonga makope muli patebulo, ana atandandalika mzere wautali, n'kuitana dala chisokonezo, chifukwa maso anu ali pa kope limodzi pamene ana 40 ali kumbuyo kwanu. Chongani mukuyenda.

4. Mwana akalakwa, kwerani pang'onopang'ono

Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amagonja, chifukwa amapirira mwakachetechete kwa nthawi yaitali kenaka n'kupsa mtima mwadzidzidzi. Tiyerekeze kuti mnyamata wa Giredi 4 akugogoda desiki ndi rula inu mukufotokoza phunziro. Poyamba muyang'aneni, osasiya kulankhula. Akapitiriza, yendani mukaime pambali pake, dzanja lanu lili padesiki yake. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Ikapanda kutha, weramani, mutchule dzina lake chapansipansi n'kumuuza kuti, "Ika rula m'chikwama, kapena ubwere nayo patebulo panga. Sankha." Mukatero chokanipo, mumupatse kanthawi kochepa, chifukwa mwana amene mwamuimirira anzake onse akuonerera amalimba mtima kuti asaoneke wamantha. Akakana ndithu, musamutseni malo, ndipo nthawi ya buleki mutsale naye mphindi zisanu. Mufunseni lamulo limene waswa, amene wamusokoneza, ndi chimene achite mawa. Mawa lakelo mulandireni ngati wina aliyense. Mlandu wadzulo unatha dzulo.

Chilango chigwirizane ndi cholakwa. Wotaya zinyalala atole, wong'amba buku la mnzake alimate ndi kupepesa, ndipo wosewera nthawi ya ntchito amalize ntchitoyo anzake akusewera, koma adye kaye. Kugwaditsa mwana padzuwa la Okutobala, kumukweza manja kwa nthawi yaitali, kumutsina khutu, kumumana chakudya kapena chimbudzi, ndi kumutcha mbuli pamaso pa anzake, zonsezi ndi chikwapu chomwe chija ngakhale mulibe ndodo m'manja. Kutsukitsa zimbudzi monga chilango kukaneni kotheratu, makamaka mumzinda uno wa Harare, momwe kolera inavuta kwambiri ku Glen View ndi Budiriro mu 2018. Musalangenso kalasi yonse chifukwa cha ana awiri, popeza osalakwawo amaona kuti kumvera kulibe phindu.

Mamonita ndi mapirifekiti athandize kugawa mabuku ndi kufoletsa anzawo, koma asapatsidwe mphamvu yolanga. Ine sindigwirizana ngakhale ndi chizolowezi chomusiyira monita pepala kuti alembe mayina a olongolola, chifukwa papepalapo pamalembedwa adani ake ndi ana amene amukaniza chakudya.

Kuyamikira nakonso kukhale kolunjika. M'malo mongoti "wachita bwino", nenani kuti, "Ndaona kuti lero wadikira mnzako amalize kulankhula." Mwana amene dzina lake limangomveka pokalipiridwa amafunika kumva mawu otere kuposa ena onse.

5. Cholakwa chikamabwerezedwa, fufuzani gwero lake

Mtsikana wochedwa tsiku ndi tsiku mwina amayamba wakaima pamzere wa pamjigo chifukwa pampopi sipakutuluka madzi, ndipo wosalemba homuweki mwina kwawo magetsi anazima usiku wonse. Wosinza m'kalasi angakhale kuti sanadye kanthu, ndipo woyendayenda angakhale kuti saona bwino pabolodi. Zimenezi sizichotsa lamulo, koma zimasintha chochita: homuweki ingathe kulembedwa pasukulu mwana asanaweruke, ndipo wosaona bwino asamutsidwire kutsogolo makolo ake n'kuuzidwa kuti akamuyezetse maso.

Palinso nkhani yokhudza ana athu mwachindunji. Mwana wochokera m'banja lolankhula Chichewa, makamaka woleredwa ndi agogo kapena wongofika kumene kuchokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, angaoneke wamwano pamene kwenikweni sanamve lamulo loperekedwa m'Chishona kapena m'Chingerezi. Mufunseni abwereze m'mawu ake chimene mwanena. Ndewu zina zimayamba chifukwa anzake akumuseka kalankhulidwe, dzina la makolo kapena kwawo kwa agogo ake, ndipo ngati mulanga womenya yekha n'kusiya wonyoza, ndewuyo ibwereranso sabata yamawa. Ndi bwino kukumbutsa kalasi yonse kuti gawo 6 la malamulo aakulu a dziko limaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe.

Ngati vuto likuoneka kuti ndi la kaphunziridwe kapena la maganizo, ahedi angathe kupempha thandizo kwa akatswiri a Schools Psychological Services a mu unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale. Mukaona zipsera, mantha achilendo kapena kusintha kwadzidzidzi kwa khalidwe, dziwitsani ahedi tsiku lomwelo. Nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana amene ali pamavuto, ndi 116, ndipo ndi yaulere. Kupolisi nkhani zotere zimapita ku Victim Friendly Unit, nthambi yoona za anthu ochitiridwa nkhanza. Kusalipira fizi si mlandu wa mwana, ndipo lamulo la 2020 limaletsa kumuthamangitsa pa chifukwa chimenechi. Nkhaniyo ndi ya makolo ndi ofesi, ndipo banja losauka lingathe kulozeredwa ku BEAM, ndondomeko ya boma yothandiza ana osauka kulipira fizi.

6. Lembani, ndipo itanani makolo zinthu zisanaipe

Khalani ndi kope limodzi lolembamo tsiku, chimene chachitika, ndi chimene mwachita, m'mizere iwiri kapena itatu, popanda mawu oweruza monga "ndi mwana woipa". Pakatha masabata angapo kopelo limaonetsa zimene mutu sungasunge, mwachitsanzo kuti mwanayo amavuta Lolemba lokha, kapena nthawi ya masamu yokha.

Makolo asamve mawu anu koyamba pa tsiku la mlandu. Atumizireni uthenga wabwino kumayambiriro kwa teremu, ndipo vuto likabuka lankhulani nawo paokha, osati pagulu la WhatsApp la kalasi, pamene dzina la mwana limafika m'mafoni a anthu ambirimbiri. Konzekerani kumva kholo likunena kuti, "Aphunzitsi, ameneyu ingomukwapulani, ine ndakulolezani." Yankhani mwaulemu kuti, "Mayi, ndathokoza kuti mukundikhulupirira, koma lamulo silindilola ngakhale inu mutavomereza. Chimene ndikupempha n'chakuti muziona kope lake madzulo aliwonse ndi kusainira." Pangananipo chinthu chimodzi chokha choti chisinthe, ndi tsiku lodzakumananso.

Milandu ikuluikulu, monga kuvulaza mnzake, kubwera ndi mpeni, kuba mobwerezabwereza kapena kuzunza ana aang'ono, ipite kwa ahedi nthawi yomweyo pamodzi ndi kope lanu. Mphunzitsi payekha alibe mphamvu yoimitsa mwana sukulu, ndipo lamulo limati mwana asaimitsidwe asanapatsidwe mpata wokwanira wofotokoza mbali yake mothandizidwa ndi makolo ake. Pamsonkhano wokambirana mlandu wotere, zimene munalemba ndi masiku ake ndi zimene zidzasonyeze kuti njira zina zonse munaziyesa kale.