Momwe mungasankhire posungira zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo pakhomo

M'mabanja ambiri zithunzi za chinkhoswe, mavidiyo a ukwati ndi nyimbo za kwaya zimakhala zomwazikana m'mafoni, m'mafulashi ndi mu laputopu, ndipo eni ake amayamba kuganiza za posungira foni ikadzaza kapena ikabedwa. Musanathamangire kusitolo, dziwani kuti chofunika kwambiri si kukula kwa chipangizo chimene mugule, koma kuti chinthu chilichonse cha mtengo wapatali chikhale m'malo oposa amodzi.

Yambani ndi kugawa mafayilo anu m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zikatayika simungazipezenso kwina kulikonse, monga zithunzi za ana ali akhanda kapena mawu a agogo amene munajambula iwo ali moyo. Gulu lachiwiri ndi la nyimbo ndi mafilimu amene mungathe kugulanso. Ndalama zanu ziyambe zatchinjiriza gulu loyambalo.

Kenaka werengani kukula kwa zimene muli nazo. Pa kompyuta ya Windows, dinani foda iliyonse ndi batani la kumanja n'kusankha Properties, ndipo muphatikize manambalawo. Onaninso kuti chaka chathachi munawonjezera zochuluka bwanji, kuti chipangizo chimene mugule chikukwanireni kwa zaka zitatu zikubwerazi. Chithunzi cha pa foni chimadya ma MB ochepa chabe, pamene vidiyo yooneka bwino kwambiri ya 4K ya ola limodzi ingathe kudya ma GB pafupifupi 20, choncho amene amajambula mavidiyo asayambe ndi chipangizo chochepera 2 TB (ma GB pafupifupi 2,000). Musadabwe chipangizo cholembedwa 1 TB chikamaonetsa 931 GB pa Windows, chifukwa opanga zipangizo ndi kompyuta amawerenga mosiyana.

Tsopano sankhani mtundu wa chipangizo. Hard drive ya HDD ili ndi timbale tozungulira m'kati, n'chifukwa chake imawonongeka msanga ikagwa pansi ikugwira ntchito, koma ndiyo yotsika mtengo mukayerekeza ndi malo amene imapereka. SSD ilibe chozungulira, ndi yachangu ndiponso imapirira kugwedezeka, koma ndi yodula. Kwa banja losunga zinthu zambiri, ine ndingasankhe HDD ziwiri m'malo mwa SSD imodzi. Kumene magetsi amazimazima, HDD yaing'ono ya mainchesi 2.5 ndi yabwino chifukwa imatenga mphamvu ku laputopu kudzera pa USB, ndipo magetsi akazima batire imaipitiriza, pamene yaikulu ya mainchesi 3.5 imafuna soketi yakeyake ndipo imazimira pomwepo, ngakhale ili pakati pokopera. Fulashi ndi memori khadi ndi zonyamulira mafayilo, osati zosungiramo kwa zaka, ndipo zachinyengo zilipo zambiri zimene zimaonetsa malo aakulu amene zilibe. Pulogalamu yaulere ya H2testw imaulula chinyengo chimenechi, choncho yesani nayo fulashi kapena memori khadi musanaikemo kanthu.

Musanayambe kukopera, onani mmene hard drive yanu inafomatidwira, kutanthauza dongosolo limene imasungira mafayilo, kaya ndi FAT32, NTFS kapena exFAT. FAT32 siilandira fayilo yoposa 4 GB, NTFS imayenda bwino pa Windows koma kompyuta ya Mac ya Apple imangoiwerenga osalembamo, pamene exFAT imagwira ntchito pa zonse ziwiri. Kufomata kumafufuta zonse, choncho chitani zimenezi chipangizo chikadali chopanda kanthu.

Sitepe imene ambiri amailumpha ndi ya makope. Akatswiri amalangiza njira ya 3-2-1, kutanthauza makope atatu, pa mitundu iwiri ya zipangizo, limodzi likhale kunja kwa nyumba, popeza moto, mbava kapena madzi osefukira zimatenga zonse zimene zili m'chipinda chimodzi. Google imapereka 15 GB yaulere yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo iCloud ya Apple imapereka 5 GB. Poganizira mtengo wa bandulo, ikani pa intaneti zofunika kwambiri za gulu loyamba lija, ndipo hard drive yachiwiri muzikaisunga kwa m'bale wodalirika n'kumaitenga kamodzi pamwezi kuti muwonjezeremo zatsopano.

Ngati pakhomo pali anthu ambiri ofuna kuonera mafayilo omwewo pa TV, pa foni ndi pa laputopu, ganizirani za NAS, kabokosi kolumikizidwa ku router kamene kamalowa ma hard drive awiri kapena kuposerapo, monga timene amapanga a Synology ndi a QNAP. Mukaitchera pa RAID 1, ma drive awiri a 4 TB amakupatsani malo a 4 TB okha, chifukwa iliyonse imasunga zofanana ndi inzake. Zimenezi zimakupulumutsani imodzi ikafa, koma fayilo imene mwafufuta molakwitsa kapena imene yagwidwa ndi vayirasi imawonongeka mbali zonse ziwiri, choncho kope lakunja likufunikabe. Gulani ma drive opangidwira ntchito yosalekeza, monga Seagate IronWolf kapena WD Red Plus, ndipo NAS isagwire ntchito popanda UPS (batire yopitiriza kupereka mphamvu magetsi akazima) ndi chotchinjiriza ku mphamvu ya magetsi yobwera mwadzidzidzi, makamaka m'nyengo ya mvula ndi mphenzi.

Zipangizozi muzisunge pamalo ouma, opita mphepo ndiponso opanda fumbi, ndipo musazule chingwe kompyuta isanakuuzeni kuti mungathe kutero. Pakatha miyezi itatu iliyonse, tsegulani mafayilo angapo a mu kope lachiwiri kuti mutsimikize kuti akutseguka, ndipo yesani umoyo wa hard drive ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo. Ikaonetsa chenjezo, koperani mafayilo a gulu loyamba tsiku lomwelo ndipo mugule ina yolowa m'malo mwake.