Musanaumbe njerwa ku Salima, dziwani kaye nyumba yomwe puloti yanu ikulola

Ambiri tikangolipira puloti timathamangira kwa mmisiri kukawerengetsa malata ndi matumba a simenti, osafunsa kuti malowo anawapatulira nyumba yotani. Si puloti iliyonse yomwe mungaikepo mdadada wa lendi, ndipo si paliponse pomwe angakuloleni kusanja nyumba. Kale, pansi pa Town and Country Planning Act ya 1988, malamulo a mapulani ankaluma m'mizinda ndi m'madera osankhidwa okha. Lamulo lomwe linalowa m'malo mwake, Physical Planning Act ya 2016, linaika dziko lonse pansi pa mapulani. Ndiye kaya mukumanga pa Kamuzu Road, ku Senga Bay, ku Chipoka kapena pa Khombedza, nkhaniyi ndi yanu.

1. Tsimikizani kuti malowo ndi a mtundu wanji

Malo ambiri ozungulira tauni ya Salima ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Ena ndi a boma, ena ali pa lizi. Kalata ya a gulupu yokhala ndi chidindo isungeni bwino, ndi umboni woti munagula pamaso pa mboni. Koma si chilolezo chomangira. A mfumu amadziwa pomwe panalekezera munda wa agogo ake a wogulitsayo, osati pomwe mapu a khonsolo akuti padzadutsa msewu. Ngati malowo ali pa lizi, iwerengeni, chifukwa imatchula ntchito ya malowo. Lizi ya ulimi simungangoiduladula mapuloti a nyumba.

2. Pitani ku khonsolo mukafunse gulu la malo anu

Pitani musanalipire ndalama yonse. Ku maofesi a DC funsani a za malo ndi mapulani. Tengani nambala ya puloti ngati ilipo. Ngati palibe, imani pa puloti pomwepo, mutsegule Google Maps pa foni n'kusunga pomwe mwaimapo, kuti mukawaonetse malo enieni, osati zoti "kuseri kwa chigayo chija".

Malo okhala anthu m'dziko muno amagawidwa potengera kuthithikana kwa nyumba. Low density ndi kumene timati kumayadi: mapuloti akuluakulu, banja limodzi, nyumba imodzi ndi boyizi kota kumbuyo. Wodziwa Lilongwe aganize za Area 10 kapena Area 43. Medium density mapuloti ake ndi ocheperako, monga Area 47. High density ndi mapuloti ang'onoang'ono oyandikana, ndipo ili pawiri. Pali ya nyumba zokhazikika za njerwa kapena mabuloko ndi malata, monga zija za ku Area 18 za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964. Palinso Traditional Housing Area, THA mwachidule, komwe amangodula mapuloti ndi misewu, munthu n'kumamanga pang'onopang'ono molingana ndi thumba lake, ngakhale kuyamba ndi zidina. Kawale ndi Area 25 zinayamba chomwecho.

Kupatula apo pali malo a malonda, a mafakitale, a sukulu ndi zipatala, komanso osiyidwa dala opanda nyumba, monga mabwalo ndi madambo. Puloti yotchipa modabwitsa pakati pa tauni muziikayikira, kawirikawiri imakhala m'gulu lomalizali.

Muli komweko funsaninso zinthu ziwiri: nyumba iyenera kutalikira bwanji ku malire a puloti, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, komanso ndi gawo lalikulu bwanji la puloti lomwe mungamangepo. Puloti ya 15 by 30 yomwe ogulitsa amakonda kulengeza pa Facebook ndi masikweya mita 450 basi. Mukachotsa mipata imeneyi, nyumba ya zipinda zisanu yomwe munaona pa intaneti ija sikwananso.

3. Sankhani nyumba yogwirizana ndi gululo

Nyumba yoima payokha, ya banja limodzi, ilibe vuto m'gulu lililonse la malo okhala anthu. Nkhani imangokhala kukula kwake.

Semi, ya mabanja awiri ogawana khoma limodzi, kwawo ndi ku medium ndi high density. Khoma lapakatilo likwere mpaka ku malata, lisalekere pa siling'i. Likalekera panjira moto umadumphira kwa aneba mosavuta, ndipo zokambirana za usiku za banja lina zimasanduka nkhani ya pamjigo.

Mdadada ndi womwe ambiri timaufuna chifukwa lendi imabwera mwezi ndi mwezi. Malo ake ndi high density, makamaka THA. Kumayadi akubwezani. Ndipo pomwe mapulani a mdadada amagwera si pa zipinda ayi, ndi pa zimbudzi ndi mabafa. Munthu amajambula zitseko 8, chimbudzi chimodzi pakona, n'kumadabwa a zaumoyo akakana. Kuno kwathu nkhaniyi si yocheza. M'mbali mwa nyanja nthaka ndi yamchenga ndipo madzi ali pafupi, moti chimbudzi chokumba chimagumuka nthawi ya mvula ngati dzenje simunalimange ndi njerwa, komanso chimatha kuipitsa chitsime cha pafupi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inavuta kwambiri m'maboma a kunyanja, Salima ali m'gulu lomwelo. Walira mvula walira matope: mukufuna matenanti ambiri, asiyireni malo a zimbudzi zokwanira, dzala, poyanika zovala ndi kanjira koti galimoto yopopa zimbudzi idzalowe. Ine ndimaona kuti zitseko zinayi zokhala ndi mpata zimaposa zisanu ndi zitatu zothinana, chifukwa matenanti olipira bwino, aphunzitsi ndi anamwino, sakhalitsa poima pamzere wa bafa m'mawa.

Boyizi kota pa malamulo ndi kanyumba kothandizira nyumba yaikulu. Ambiri timayamba ndi iyo, n'kukhalamo zaka tikusonkha ya nyumba yaikulu. Palibe cholakwika, bola pulani ionetse nyumba zonse ziwiri kuyambira pachiyambi, kuti boyizi kotayo ikhale kumbuyo m'malo mwake. Ikamangidwa pakati pa puloti chifukwa mmisiri anati mpomwe pali posalala, nyumba yaikulu idzasowa pokhala.

Nyumba yosanja ndi mafulati zimafuna zojambula za injiniya, osati za wojambula mapulani yekha. Salima ali m'chigwa chomwe chimagwedezeka: chivomezi cha mu March 1989 chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino. Madera ena ndi amakande, dothi lomwe limafufuma likamwa madzi n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo maziko osaya amang'aluka nalo limodzi. Mafulati amafunanso poimika magalimoto ndi sepitiki thanki yolingana ndi mabanja onse okhalamo.

Koteji ya kunyanja ndi nyumba yokhalamo pokhapokha ngati mukugonamo inu ndi abale anu. Mukayamba kulandira alendo olipira yasanduka bizinesi. Pamenepo pafunika chilolezo chosinthira ntchito ya malo, laisensi ya zokopa alendo, ndipo ngati ntchitoyo ndi yaikulu a MEPA, oona za chilengedwe, adzafuna kuiunika. Kumbukiraninso kuti malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda, choncho loji iwerengereni mabuloko a simenti.

4. Pimani pomwe simungamange, ngakhale malo ndi anu

M'mbali mwa msewu waukulu, monga M5 wa m'mbali mwa nyanja ndi M14 wopita ku Lilongwe, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali zonse ziwiri, ndi a msewu. Tengani tepi mupime nokha. Njanji yodutsa pa Salima ndi Chipoka ilinso ndi malire ake, chimodzimodzi mawaya akuluakulu a ESCOM ndi mapaipi a Central Region Water Board.

Kunyanja muyeso wake si mamita ochokera pomwe madzi alekezera lero. A National Water Resources Authority, oona za madzi, amaletsa kumanga m'munsi mwa mulingo wa mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo wokuuzani pomwe mulingowo wadutsa pa puloti yanu ndi saveya. Nyanja itakwera mu 2024, nyumba ndi malo ogona alendo ambiri ku Senga Bay, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi analowa madzi. Mchenga wouma womwe akukuonetsani mu October suli umboni wa chilichonse. Ngati puloti ili kufupi ndi mtsinje wa Linthipe kapena wa Lifidzi, funsani akuluakulu a m'mudzimo pomwe madzi amafika chaka cha mvula yambiri.

5. Jambulitsani pulani, muipereke

Saveya aike kapena atsimikize mabikoni, zizindikiro za malire a puloti, kaye. Kenako pezani wojambula mapulani wovomerezeka, mumuuze gulu la malo anu ndi mipata yomwe anakuuzani ku khonsolo. Pulani yogula yojambulidwa kale imaonetsa nyumba yokha, pomwe khonsolo imafuna kuona nyumbayo itakhala pa puloti yanu: malire, msewu, polowera, chimbudzi kapena sepitiki thanki, ndi komwe madzi a mvula azipita. Muonetse zonse zomwe mukufuna kudzamanga, ngakhale zina zidzadikira zaka zisanu.

Mudzadzaza fomu yopempha chilolezo, kuphatikizapo mapepala a malo ndi makope a pulani, n'kulipira ndalama younikira pulaniyo. Lipirani pa kauntala, mutenge lisiti ya khonsolo. Wokuuzani kuti "ingondipatsani ndikuthamangitsirani" muthokozeni, mudutse. Pulani imakaonedwa ndi komiti ya mapulani, yomwe ikhoza kuvomera, kuvomera ndi zoti mukonze, kapena kukana. Akakana pemphani zifukwa zolembedwa, chifukwa lamulo limakupatsani mpata wochita apilo.

6. Mukafuna kusintha, bwereraniko

Kudula puloti pawiri kuti mugulitse theka, kusandutsa nyumba kukhala shopu, sukulu ya mkaka kapena malo ogona alendo, kusanjikapo nyumba ina pamwamba, zonsezi zimafuna chilolezo chatsopano. Womanga popanda chilolezo khonsolo ikhoza kumuimitsa, ngakhale kumulamula kugwetsa, ndipo simenti yomwe yalowa m'khoma salipiridwa.

Kope ya pulani yodindidwa izikhala pa saiti, osati mu sutikesi kunyumba. Mukakumba maziko itanani a khonsolo adzaone musanathire konkireti. Ndipo mmisiri akanena kuti "bwana, apa pakwana kachipinda kena", muuzeni ayambe wadikira mpaka kachipindako kaoneke pa pulani yodindidwa.