Mwana akufuna mipikisano ya snowboard, muyambire apa

Achimwene mwafunsa kuti mwana wanu watengeka ndi snowboard, masewera otsetsereka pa chipale utaima pa bolodi, ndiye angafike bwanji pa mipikisano ya dziko pomwe kuno ku Johannesburg chipale sichigwa kawirikawiri. Zimatheka ndithu.

Choyamba aphunzire kaye pa chipale chenicheni. Malo apafupi ndi Afriski ku Lesotho, pagalimoto ndi maola anayi kapena asanu, mumadutsa boda ya Caledonspoort kenako Butha-Buthe mpaka kukwera Moteng Pass, ndipo nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti basi. Bolodi ndi nsapato bwerekani komweko musathamangire kugula, koma chipewa choteteza mutu ndi magolovesi musanyozere, kumeneko kumazizira zoti zala zimachita kuuma.

Akazolowera mulembetseni ku Snow Sports South Africa, ndilo bungwe loyendetsa masewerawa m'dziko muno, ndipo ayambe ndi timipikisano tating'ono.

Kenako pamabwera FIS, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse lapansi. Kuti alowe mipikisano yake amafunika nambala yotchedwa FIS code, ndipo imeneyi simukatenga nokha ayi, imadzera ku bungwe la dziko lake. Apa ndiye ndikukupemphani muonetsetse nkhani ya pasipoti, chifukwa munthu amaimira dziko lomwe ndi nzika yake, ndiye ngati mwanayo ali ndi pasipoti ya Malawi afunseni a Snow Sports South Africa msanga musanawononge ndalama zambiri.

Za Olimpiki, snowboard inalowamo mu 1998 ku Nagano, m'dziko la Japan, ndipo timu ya kuno amaivomereza ndi a SASCOC, bungwe loona za Olimpiki ku South Africa. Koma chaka chino ingomutengerani ku Lesotho kaye.