Momwe mungasankhire masewera olimbitsa thupi ngati muli ndi metabolic syndrome

Madokotala amati munthu ali ndi metabolic syndrome akapezeka ndi zitatu mwa zinthu zisanu izi: mimba yaikulu, BP yofika 130/85, shuga wokwera asanadye, mafuta a triglycerides ochuluka m'magazi, komanso kolesitolo wabwino wa HDL wochepa. Zonsezi zimawononga kachikopa kopyapyala ka mkati mwa mitsempha ya magazi. Kachikopaka kakakhala bwino kamatulutsa nitric oxide, yemwe amachititsa mtsempha kufutukuka. Kakafooka mitsempha imauma, ndipo sitiroko ndi matenda a mtima sizichedwa. Chimene chimakadzutsa ndi magazi oyenda mwamphamvu pochita masewera, okhula m'mbali mwa mtsempha. N'chifukwa chake mtundu wa masewera uli ndi ntchito.

1. Yambani mwayezetsa BP ndi shuga. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, funsani dokotala, poti masewera angathe kutsitsa shuga kwambiri.

2. Yendani ndawala, apa ndiye pagona nkhani. Kuyenda, kupalasa njinga ndi kusambira kumathamangitsa magazi kwa nthawi yaitali osadukiza, zomwe kachikopa kaja kamafuna. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 30 kwa masiku 5 zakwana poyambira, ndipo mukhoza kuzidula m'zigawo za mphindi 10. Liwiro loyenera mulidziwa chonchi: mukutha kulankhula, koma kuimba ayi, thukuta likuyamba pamphumi. Chigawo chimodzi chikhale mukangotha kudya, minofu iyamwe shuga asanakwere. Sikelo ikapanda kutsika musataye mtima, mitsempha imayamba kusintha thupi lisanaphwe.

3. Onjezani zolimbitsa minofu kawiri pa sabata. Kunyamula zitsulo, kunjuta n'kudzuka, kapena kukankha khoma ndi manja. Minofu ndi imene imagwiritsa ntchito shuga wambiri m'thupi, choncho ikakula shuga wowononga mitsempha amachepa. Koma musagwire mpweya ponyamula! Kutero kumakweza BP mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pokweza, kokani potsitsa, ndipo sankhani cholemera chomwe mungachikweze ka 10 kapena ka 12 osachita kufinya nkhope. Ine sindilangiza kudalira zitsulo zokha, chifukwa sizilowa m'malo mwa kuyenda.

4. Thupi likazolowera, yesani kuthamanga mopumira. Mphindi imodzi mwamphamvu mpaka wefuwefu, ziwiri pang'onopang'ono, n'kubwereza kangapo. Njirayi imathandiza mitsempha kufutukuka pa nthawi yochepa, koma si ya munthu amene wangoyamba kapena amene BP yake isanakhazikike. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, lekani pomwepo mupite kuchipatala.

5. Musadumphe masiku oposa awiri otsatizana. Mphamvu ya masewera pa shuga imatha pakadutsa masiku ochepa, ndipo mukaleka kwa milungu ingapo mitsempha imabwerera mwakale. Kukhala pampando maola ambiri nakonso kumachedwetsa magazi m'miyendo, ngakhale munayenda m'mawa. Pakatha mphindi 30 zilizonse dzukani, yendani pang'ono kapena nyanyamphirani kangapo, ndipo mankhwala anu pitirizani kumwa mpaka dokotala atanena zosintha.