Kagulugufe kabuluwu pa maluwa a nandolo: muziyendera munda msanga

Alimi anzanga a kuno ku Salima, nandolo akayamba maluwa mudzaona tiagulugufe tating'ono tikuuluka mothamanga pamwamba pa mbewu. Kamodzi kakatambasula mapiko kamangokwana masentimita 3. Kamphongo n'kabuluwu, kathazi n'kotuwirako, ndipo kumbuyo kwa phiko kuli kamchira konga ulusi ndi timadontho tiwiri takuda. Akatswiri amakatcha Lampides boeticus, ndipo woyamba kukalemba m'mabuku anali katswiri wa zamoyo Linnaeus mu 1767. Kamapezeka mu Africa, kumwera kwa Ulaya, ku Asia mpaka ku Australia, ndipo chakudya cha ana ake ndi mbewu za mtundu wa nyemba: nandolo, khobwe, nkhungudzu ndi nsawawa.

Gulugufeyo sadya mbewu, amangoyamwa timadzi ta m'maluwa. Woononga ndi mwana wake. Kathazi kamaikira dzira limodzilimodzi pa duwa losamasula. Pakapita masiku ochepa pamatuluka kambozi kobiriwira, kophwatalala, kamene kamaboola duwa n'kulowa m'kati. Makoko akayamba, kamasamukira m'menemo n'kumadya njere zanthete. Kakakhuta kamagona phee m'zinyalala kapena m'khoko louma mpaka kusanduka gulugufe. Kuno kotentha zonsezi zimatha pafupifupi mwezi umodzi, choncho pa nyengo imodzi mibadwo imasinthana kangapo.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'kuona mlimi akupopera mankhwala makoko atabooka kale. Mbozi ili m'kati, mankhwala akutsikira panja, ndalama yapita. Nthawi yake ndi ya maluwa. Yenderani munda kawiri pa sabata, m'mawa. Tengani nthambi, yang'anitsitsani maluwa osamasula, ena muwang'ambe ndi chikhadabo. Duwa lokhala ndi kabowo, kapena pamene nyerere zaunjikana, musalipitirire, chifukwa nyerere zimatsata timadzi totsekemera timene kamboziko kamatulutsa. Pamunda waung'ono thyolani maluwa ndi makoko obookawo, mukawakwirire mozama.

Zikachuluka, sinjani masamba a ombwe kapena nimu, viikani usiku wonse, sefani, mupopere madzulo njuchi zitachoka, poti nazonso zimadalira maluwa omwewo. Ombwe amapha nsomba, ndiye chonde mpope wanu musakatsukire mu Linthipe kapena kunyanja, tsukirani kumunda komweko. Mankhwala ogula, yambani mwafunsa alangizi a dera lanu za mlingo wake ndi masiku oyenera kudikira musanathyole nandolo wamuwisi wa ndiwo.